Mmene Pusi Anagwera Chagada

Ndagi! Mwana wa amfumu wamwano, ukamukalipira kuphiri nayenso akukalipira. Ndani? Iwe Tadala ukuti mbuzi? Khala pansi! Ndi mawu obwerera aja, anyamata a ku situdiyo amati eko. Ndiwo anagwetsa Pusi wa m'mwambi uja. Inu mumayesa pusi wa m'tchire? Ayi.

Mwambi uwu unayamba motere. Ku Mchesi kunali woimba wina, Fanuwelo, koma aliyense ankangomuti Pusi chifukwa chosakhazikika. Mkazi wake Esinta anatopa naye, nabwerera kwa makolo ake ku Mitundu. Pusi anati, "Kupepesa pakamwa n'kwa anthu wamba. Ine ndipepesa ndi nyimbo."

Anapita kwa Yotamu, wojambula nyimbo pa kompyuta. Anaimba bwino ndithu, mawu oti ngakhale apongozi n'kugwetsa msozi.

"Yatha, achimwene," anatero Yotamu. "Ndingothira karivebu pang'ono, mawu amveke ngati muli m'tchalitchi."

Pusi atamva anadumpha. "Ichi chakoma! Onjezera!"

"Rivebu ndi mchere, achimwene. Sitithira ndi fosholo."

"Mkazi anathawayu ndi wako kapena wanga? Nanga kabatani ako?"

"Ndi eko."

"Ichi chakomanso! Thira! Nanga ako?"

"Kamanjenjemeretsa mawu."

"Thira!"

Yotamu anathira zonse. Tchalitchi chija chinasanduka phanga, phanga n'kusanduka chitsime.

Loweruka masana awiriwo anafika ku Mitundu mozemba. Pusi anakwera mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi, sipika ili kukhwapa, akuti mawu afike patali. Yotamu anabisala m'chimanga.

Nyimbo inayamba. "Esiii... siii... siii... huuu... huuu..."

Nkhuku zinabalalika. Mayi a Esinta anataya lichero. "Mayo ine! Ndi malemu agogo ako! Ndinanena ine kuti timange chiliza!"

"Akuti chiyani, amayi?" anafunsa Esinta.

"Akufa amamveka zonena, mwanawe?"

Koma amalume ake a Esinta, a Gomani, sankaopa mizimu masana. Anatola legeni ya ana. "Mzimu wanji wonunkha pafyumu?" Mwala, phaa! pa sipika. Pusi anati agwire sipika, n'kusiya nthambi. Khuu! Chagada, miyendo m'mwamba.

Esinta anamuyang'ana ali gone. "Ndiwe? Umafuna kutiuza chiyani?"

"Ndimapepesa, mayi."

"Kupepesa? Ine ndamva kadzidzi m'mgolo. Amayi atsala pang'ono kukomoka. Nyamula chiwaya chakocho, uzipita!" Analowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

Yotamu anatuluka m'chimanga akusasa fumbi, naima pamutu pa mnzakeyo, napukusa mutu.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, Pusi anagwa chagada."