Ulendo wa Awiriwiri wa ku Nkhata Bay

Lolemba
Tchuthi chayamba! Mvula yatha, mapiri akadali obiriwira. Lachisanu tikunyamuka pano pa Mangochi, ine ndi amuna anga, bambo a Tadala, kutsata nyanja mpaka ku Nkhata Bay. Chikwatiranireni sitinayendepo tokha. Masiku ano m'nyumba muno nkhani zathu ndi za magetsi ndi ndiwo basi. Ulendowu ukakanika, kaya.
Ndagula chitenje, magalasi a dzuwa, ndi chipewa chachikulu ngati lichero. Tadala akatsala kwa aneba, a Biti Yusufu. Abambowa ndawachenjeza: asauze munthu.

Lachiwiri
Auza munthu. Akuti mmodzi yekha. Mmodziyo ndi mlongo wawo wa ku Nkope, alamu anga a Esinati, omwe pakamwa pawo ndi wailesi. Aimba kale: "Alamu, kathumba kamodzi kokha ka usipa, mukangokasiya pa Dwangwa." Ndavomera. Kathumba si munthu.

Lachitatu
Kathumba kaja kafika. Ndi matumba atatu, lililonse msinkhu wanga! Galimoto ikununkha ngati padoko. Amphaka a m'dera lonse akuilondera.
Foni ina: apongozi akufuna kukaona mdzukulu wawo wakhanda ku Nkhotakota. Abambowa akuti, "Ndi panjira pomwepo." Panjira!

Lachinayi
Okwera mpaka pano: apongozi. Alamu a Esinati, poti usipa sungayende wopanda mwiniwake. Mwana wawo woyamwa. Amalume a abambowa, omwe akuti sanaonepo Chintheche ndipo sakudziwa ngati chaka chamawa adzakhala ali moyo. Tambala, mphatso ya mdzukulu.
Ndayesa kudandaula. Yankho la abambowa: "Ndiye ndikawauze amayi kuti mkazi wanga wakana?"
Ndathawira kubafa, ndatsegula mpopi kuti asamve ndikulira. Madzi kulibe. Ngakhale a Biti Yusufu amva.

Lachisanu
Pa Nkope tawapeza onse ali chire m'mbali mwa msewu. Pawonjezeka msuweni wina yemwe sindimudziwa, wanyamula matiresi. Tapakira, tatsitsa, tapakiranso. Malo akuperewera a munthu mmodzi. Onse akuyang'ana pansi. Kenako onse akuyang'ana ine.
Apongozi: "Inu mukadali ana, mudzapitabe."
Ndikudikira amuna anga anenepo kanthu. Akupukuta galasi loyera kale.
Ndatsika ndekha, ndi miyendo yangayi! Ndawabayibitsanso. Chifukwa chiyani ndawabayibitsa?
Ndabwerera pa minibasi, chipewa pamiyendo. Kondakitala: "Amayi, chipewacho chilipira chokha kapena?"

Loweruka
Zithunzi zikungolowa pafoni. Apongozi sanatsale ku Nkhotakota. Amuona mdzukulu, asiya tambala, akweranso. Awa ali pamchenga woyera wa ku Chintheche, avala magalasi anga. Awa ndi amalume oyembekeza imfa aja, akusambira ngati mbululu. Msuweni wagona pamatiresi ake pansi pa mtengo, wakweza chala chachikulu.
Uthenga wa abambowa: "Kuno nkokongola bwanji! Mukanaona." Wina wotsatira: "Mwathirira tomato?"
Ndathirira. Nyanja yanga ndi ndowa.

Lamulungu
Kutchalitchi azimayi andizungulira: "Mwabwerako kale? Koma kumpoto kwakuyanjani, mwachita kuwala!" Ndangoti eya. Kunama pakhomo la tchalitchi, Ambuye andikhululukire.
Masana abambowa aimba ali ku Nkhata Bay. Mawu ofewa, oti sindinawamve kalekale. Akuti andisowa. Akuti ulendowu wawatsegula maso, chaka chamawa tidzapite ife tokha, awiriwiri. Mtima wanga wopusawu unayamba kale kusungunuka.
Kenako ndamva apongozi chakumbuyo: "Afunseni, mwezi wanji?"
Mawa kuntchito.