Mbande za Mayi Nakayange

Pali Loweruka lina limene ndikalikumbuka ndimatuluka thukuta, ngakhale kuno ku Misuku kuzizire chotani.

Ine kwathu ndi ku Balaka. Ndinakulira m'thonje, ndipo khofi ndinkangodziwa wa m'chitini. Atanditumiza kudzaphunzitsa kuno, ndinaona kuti phiri la kuseri kwa sukulu, lomwe ndi malo a mudzi wonse, linali mbee, moti mvula ikagwa dothi lonse linkakathera m'kasupe. Ndinadzipereka kuyambitsa kalabu ya zachilengedwe, kuti Loweruka ana aziyenda m'nkhalango n'kumabzala mitengo. Makolo sanakondwe nazo, poti tsikulo ana amathandiza kumunda. Pamsonkhano anandilola ulendo umodzi wokha. Akaona phindu tipitiriza, apo ayi kalabu ithere pomwepo.

Tinanyamuka ndi ana khumi ndi asanu, mabeseni atatu, ine wenzulo ili m'khosi (inali ya chiyani, musandifunse). Cholinga chinali kukazula mbande zomera zokha m'mphepete mwa nkhalango n'kukaziwokera paphiri paja. Ndinawauziratu anawo kuti paulendo wotere wolankhula amakhala mmodzi, ndipo ndi ine.

Titatsetsereka kufika pakamtsinje, ndinaziona pamthunzi, mbande zonenepa bwino, masamba ake onyezimira. Zinali m'mizere. Munthu wanzeru akanaima kaye n'kudzifunsa kuti mitengo ya m'tchire inayamba liti kumera m'mizere. Ine ndinaliza wenzulo n'kuwauza ana kuti aone dongosolo la chilengedwe.

Tusekile, mtsikana wa sitandade 7, anakweza dzanja n'kundiitana monga amaitanira aphunzitsi kuno. "Asambizgi, izo ni..."

"Mafunso pomaliza, Tusekile. Zulani mosamala, ndi dothi lake lomwe."

Anazuladi. Pofika masana tinali titabzala mbali yonse ya phiri, ine mtima uli m'malo, ndikukonza kale zokawauza makolo.

Tili mkati mothirira, panatulukira mayi wina ali wefuwefu, khasu lili paphewa. Sanakuwe. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa ndi za kunyumba zomwe, ine n'kuyankha ndi timawu tanga tiwiri ta Chitumbuka. Kenako anawerama n'kugwira tsamba limodzi.

"Asambizgi, khofi wanga mwamusamutsira kuno chifukwa cha vichi?"

Anali Mayi Nakayange. Mbewuyo anafesa okha n'kuisamala miyezi yambirimbiri kuti mvula imeneyo akayambe munda watsopano. Nkhalango imathera tsidya lina la mtsinje, ndipo pamene tinazula paja panali pamalo pawo. Manyazi anandigwira.

"Inu simunadziwe?" ndinawafunsa anawo.

Onse ankadziwa. Mwana wa ku Misuku amadziwa khofi asanadziwe kulemba dzina lake.

"Ndine ndinkathirira, asambizgi," anatero Tusekile, maso ali pansi. "Awa ni amama."

Mwanayo anali atasenza yekha beseni la mbande za mayi ake kukwera nalo phiri lonse lija, chifukwa aphunzitsi anati mafunso pomaliza.

Tinazulanso zonse n'kutsika nazo kumunda kwawo. Khofi sakonda kuyendayenda, choncho mbande zina zinafota osadzukanso. Zinandipweteka, chifukwa mayiwo sananditukwane ngakhale kamodzi (akanatukwana, bwenzi zitapepukako).

Pamsonkhano wa makolo ndinakhala pabenchi ya kumapeto, ndikudziwa kuti kalabu yafa ndipo woipha ndine. Bambo wina ananenadi zomwezo, ena n'kugwedeza mitu. Kenako anaimirira Mayi Nakayange.

"Ana apitirize," anatero. "Phiri lija likufunikadi mitengo, na madzi a m'kasupe tikumwa tonse. Kweni asambizgi aziyenda kumbuyo. Kutsogolo kukhale amene akuidziwa mitengo."

Anthu anawomba m'manja. Ndinawomba nawo, nanga ndikanatani? Papita zaka ziwiri tsopano, phiri lija layamba kubiriwira, ndipo palibe kholo limene lanenapo zoti ndibwerere kutsogolo.