Nyimbo Imodzi Yeniyeni pa Ukwati wa Halima

Lolemba
Loweruka mchemwali wanga Halima akukwatiwa ndi a Idrisa, ndipo woika nyimbo ndine. Nsanama yonse idziwe kuti kwathu kuli DJ! Nyimbo zofinyidwa za pafoni iyayi. Ndikufuna za FLAC, zosataya ngakhale kamawu kamodzi.

Lachiwiri
Ku Balaka, kwa Che Bwanali wobena nyimbo. "Zonsezi ndi orijino, achimwene, wallahi." Munthu wolumbira asanafunsidwe ndimamukayikira.

Lachitatu
Ndapeza pulogalamu yoonetsa nyimbo ngati chithunzi. Yeniyeni utoto wake umafika pamwamba. Yabodza imaoneka yodulidwa mutu, ndiye kuti ndi MP3 yongoisintha dzina. Khutu limanama, diso iyayi. Kuyambira lero sindimvera, ndikungoyang'ana.

Lachinayi
Zabodza, ndafufuta:
yolowera akwati,
ya perekaniperekani,
kaswida, nyimbo ya Chisilamu imene amayi amaikonda,
zamanganje zonse. Zonse!
Amayi: "Ndiye tivina chithunzicho?" Sakumvetsa.

Lachisanu
Yatsala imodzi. Koma kukongola kwake! Utoto mpaka kudenga, ndipo ndi yaitali ngati msewu wa ku Nayuchi. Che Bwanali pafoni: "Imeneyo ndinajambula ndekha pa makina a bandi, pa ukwati winawake." Basi, ndizingoibwereza. Kuli bwino imodzi yoona kusiyana ndi thumba la mabodza.

Loweruka
Akwati akulowa. Ndaika. Gitala waukhondo, ng'oma ngati zili pompano, azimayi nthungululu. Ndikumva kukoma, misozi ili pafupi. Kenaka m'nyimbomo mwatuluka mawu a mwamuna, omveka bwinobwino: "Manja kwa akwati athu, a Idrisa ndi a Asiyatu! Awa sadzasiyana!"
A Asiyatu ndi mkazi woyamba wa alamu, uja anasiyana naye chaka chatha.
Nthungululu zaleka. Ngakhale mbuzi zasiya kutafuna. Ndikufuna kuzimitsa, kompyuta yauma. Mawu aja abwerezanso: "Sadzasiyana!"
Halima wandiyang'ana. Mayo ine.
Anthu avina mpaka madzulo ndi nyimbo zofinyidwa za m'foni ya azakhali.

Lamulungu
Halima sakuyankha foni. Alamu andilambalala pamsika ngati chitsa. Amayi angoti, "Makutu awiriwo Mulungu anakupatsa okolekapo chipewa?"
Ndakhala pakhonde, ndaimvera yonse, koyamba. Kumapeto kukumveka ngakhale a Asiyatu akuseka.
Ndayang'ananso chithunzi chija. Nyimboyo ndi yeniyeni ndithu.