Mfutso wa pa Tirampolini

Lolemba, 7 Epulo

Dzuwa! Lenileni, lotentha pakhosi, osati lija la miyezi yapitayi longowala ngati babu la m'firiji. Mitengo ya m'nkhalango kuseri kwa mpanda wathu yayamba kuphukira, mbalame zili pokopoko kuyambira m'mawa, maluwa achikasu ali mbwee m'mbali mwa msewu. Aneba athu, Mayi Moira, atuluka ndi kabudula pa msinkhu wawo uja. Ndiye kuti chisanu chathadi.

Ndipo labwera pa nthawi yake, chifukwa dzulo pakamwa pangapa pandiputira ntchito. Titatuluka m'tchalitchi, tikumwa tiyi, Tadala, mtsikana wa ku Ntcheu amene ali ndi pakati poyamba, anangoti, "Anti, chilichonse chikundinyansa. Mtima ukungofuna mfutso." Waonda mwanayo, maso okhaokha, ndipo amayi ake ali kutali. Zinandikhudza. Ine osaganiza n'komwe, pamaso pa amayi onse a mumpingo: "Lamulungu likubwerali udya mfutso wotendera, wopanga ine." Anaomba m'manja. Wina analulutira.

Zaka khumi ndi zisanu kuno kutsidya kwa nyanja tinali m'nyumba zam'mwamba ku Dennistoun, opanda ndi poyanika kansalu pomwe. Chaka chino ndili ndi bwalo langalanga, ndili pa tchuthi sabata yonse, ndiponso Epulo ndi mwezi wa mfutso, aliyense amadziwa. Chingandivute n'chiyani?

Dongosolo:
kugula masamba (khwanya kulibe, chitambe kulibe, ndapeza ena ofanana ndi repu, matumba asanu ndi limodzi)
kuwadula, kuwafutsa ndi kamchere
kuyanika masiku atatu
Loweruka kukonzetsa tsitsi
Lamulungu kulandira ulemu

Thandala ndilibe, mphasa ndilibe. Koma pabwalo pali tirampolini ya mwana wanga Chisomo, imene anasiya kudumphapo atayamba sekondale. Yotakata, yokwera, mphepo ikudutsa pansi. Amene anapanga chinthuchi ankaganiza za mfutso, sindikukayika. Ndayalapo nsalu ya pabedi, ndamwaza masamba, yadzaza mpaka m'mphepete. Chisomo pobwera ku sukulu wangoima pakhomo n'kuti, "Mum, no." Chichewa amamva, kuyankha ndiye ayi.

4 koloko, kamvula. Kongowaza, sindikudandaula. Ndaanula.

Lachiwiri, 8 Epulo

8:00 ndayanika.
8:40 ndaanula.
9:15 ndayanika.
9:30 ndaanula.
10:00 ndayanika, ndaima pompo osachoka.

Kwathu mvula ili ndi ulemu. Imayamba yasonkhanitsa mitambo kumapiri, imagunda, imatumiza kamphepo ndi fungo la dothi, iwe n'kuanula zako, n'kuitana ana, n'kutsekera nkhuku. Ya kuno imagwa dzuwa likuwala. Ndayang'ana kumwamba monga anandiphunzitsira amayi, kuti ndione mbali imene mitambo ikuchokera. Ikuchokera mbali zonse.

Bambo a Chisomo akuti ndiziona zanyengo pa foni. Foni ikuti kuli dzuwa. Ine ndaima pabwalo ndikunyowa, foniyo ikunyowanso.

Masana matalala! Mu Epulo! Ndathamanga ndi silipasi imodzi, ndakoka nsalu, ngodya imodzi yandipulumuka, masamba khuthu m'matope. Ndatola otoleka.

Kuyanika kasanu ndi kawiri, kuanula kasanu ndi kawiri. Masamba ali monga ndinawachotsera mumphika dzulo. Chimene chauma ndi kukhosi kwanga.

Lachitatu, 9 Epulo

Lero mvula sikugwa! Kumwamba kuli mbee, kamphepo kabwino. Koma nkhalango yonse yamva kuti kwathu kuli phwando.

Alendo a lero:
nkhunda zam'tchire zisanu, zonenepa kuposa nkhuku zathu
agologolo awiri, masamba sakudya, akungofukula kuti akwiriremo mtedza umene Mayi Moira amawapatsa
nkhono zopanda chigoba, sindikudziwa zakwera bwanji
gwape!

Gwape weniweni. Wadumpha mpanda, waika mutu pa tirampolini, akutafuna akundiyang'ana. Wa kwathu akaona munthu amathawa chifukwa amadziwa kuti ndi ndiwo. Wa kunoyu akudziwa malamulo.

Ndatulutsa mpando, chitini ndi supuni, ndakhala kulondera monga tinkalonderera mapira tili ana. "Haa! Haa!" Mayi Moira asuzumira pampanda kufunsa ngati ndili bwino. Ndati ndili bwino. Akuti mbalame zikumanga zisa nyengo ino, ndisaziopseze. Ndamwetulira. Afunsanso kuti masambawa ndi achiyani. Ndafuna kuwafotokozera za mfutso koma Chingerezi chake chandisowa, ndangoti ndi nkhani yaitali.

Mtengo wawo wachita maluwa apinki, okongola mpaka mtima kupweteka, ndipo onse akugwera pa nsalu yanga. Madzulo onse ndatha ndikusankha ngati mpunga.

Tadala watumiza uthenga: "Anti, ndalota ndikudya." Ndayankha kuti zonse zili bwino. Masamba atsala theka, koma ayamba kukhwinyata m'mphepete, mtima wakhalako pansi.

Lachinayi, 10 Epulo

Ndinangopita kukagula mtedza wa nsinjiro. Ola limodzi lokha!

Pobwera, pa tirampolini palibe kanthu. Nsalu yapindidwa bwinobwino pampando. Mayi Moira ali pampanda, nkhope yowala. Akuti anaona mvula ikubwera, ndipo akhala akundiona sabata yonse ndikulowa ndi kutuluka ndi zinyalala za m'dimba zija, osadziwa kozitaya. Ndiye andithandiza. Aziika m'bini yawo ya manyowa, pamodzi ndi makoko a mbatata ndi masamba a tiyi. Akuti nyongolotsi zisangalala.

Ndathokoza. Ine, ndathokoza! Makolo anga anandilera bwino mopitirira muyeso. Ndalowa m'bafa, ndalira pang'ono, kenako ndaphulika kuseka, chifukwa mayiyo wachita kuvala magolovesi n'kukwera tirampolini pa zaka zake zija chifukwa cha ine.

Ndabwerera ku shopu. Masamba aja atha, akuti abwera Lolemba.

Zotsala: thireyi imodzi imene ndinaika pawindo la kukhitchini mongoyesa. Ndiyo chuma changa chonse.

Bambo a Chisomo: "Ingomuuzani mwanayo kuti zakanika." Amuna! Munthu walota kale akudya. Ndikamuuze kuti mfutso wake akudya nyongolotsi?

Lachisanu, 11 Epulo

Dzuwa ndathana nalo. Kunja mvula tsiku lonse. Nkhalango yabiriwira ngati wina waipaka penti, pansi pa mitengo pali timaluwa toyera, ndipo ndivomere, n'kokongola. Koma sindikulankhula nako.

Ndayatsa zotenthetsera nyumba zonse mpaka pamapeto, ndayala masamba pa mapepala pamwamba pake. M'nyumba mwatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala. Bambo a Chisomo akutsegula mawindo, ine ndikutseka pambuyo pawo.

Zimene zikununkha mfutso:
makatani
yunifolomu ya Chisomo
suti ya bambo ake ya kutchalitchi
Baibulo
ine

Zimene sizinasanduke mfutso: masamba.

Chisomo wakagona kwa mnzake, akuti timuuze fungo likatha.

Ndaimbira achemwali anga ku Dedza kufunsa nzeru. Aseka mpaka kutsokomola. "Mfutso wa magetsi? Kuno tayanika denga lonse, dzuwa likungotayika!" Akuti apatsira mfutso munthu wina amene akubwera kuno mu Ogasiti. Mu Ogasiti mwana wa Tadala adzakhala atabadwa, akumwetulira kale.

Loweruka, 12 Epulo

Za tsitsi ndaiwalako, mpango ulipo.

Ena mwa masamba achita chuku, ndataya. Otsalawo akadali ofewa. Njira yatsala imodzi: uvuni. Moto wochepa, chitseko chotsegula pang'ono, ine pansi pa khitchini maso ali pa galasi. Zikuyenda! Akuuma, akulira tsekeretsekere ndikawakhudza. Ndawonjezera moto pang'ono kuti zifulumire.

Odi pakhomo. Mayi Moira, keke m'manja, maso ofiira. Chisomo wawafotokozera zonse pobwera, za mfutso ndi za Tadala. Akupepesa, akupepesanso. Munthu wamkulu akulira pakhomo pako, ungamusiye ataima? Ndawagwira dzanja, ndati palibe kanthu. Ayamba kundiuza kuti iwo ali ndi pakati ankalakalaka kutafuna makala. Ine ndawauza za dothi la pachulu. Taseka, takamba za mtengo wawo, za gwape, za maondo awo.

Kenako alamu ya utsi.

Bambo a Chisomo akukupiza ndi thaulo, Mayi Moira akupepesa kachitatu, Chisomo akujambula pa foni. Ndatulutsa thireyi. M'mphepete makala okhaokha. Ndasankha a pakati, akhofikhofi, limodzilimodzi.

Matumba asanu ndi limodzi aja akwana m'kapu imodzi ya tiyi. Keke ndiye ndi yokoma.

Lamulungu, 13 Epulo

Ndadzuka m'mawa, ndaviika, ndatendera, kaphwetekere kamodzi. Wafufumako mpaka kudzaza kabakuli kamene munali majarini. Ndalawa. Ukuwawa, ukununkha utsi. Ndaganiza zonamizira kudwala, koma mbuyo monsemu sindinanamizepo Mulungu pa nkhani ya ndiwo, ndavala mpango, tanyamuka.

Ulaliki sindinaumve. Pa tiyi amayi aja andizungulira. Mmodzi: "Mphika mwausiya m'galimoto?" Ndatulutsa kabakuli m'chikwama cham'manja. Wolulutira uja wapita kukathira shuga.

Ndamukokera Tadala pakona. "Mwana wanga, zakanika. Ndi kameneka basi, ndiponso kapserera. Ukapanda kudya sindikwiya." Manyazi andigwira mpaka kumapazi.

Watsegula, wanunkhiza. Supuni sanadikire. Chala chimodzi, kenako ziwiri, kenako wapukuta m'makona monse. Misozi ikutsika, iye akuseka.

"Anti, mwadziwa bwanji? Amayi anga amapsereza chonchi ndithu. Amaika pamoto n'kupita kukacheza kwa aneba. Wa anthu ena sundikomera."

Ndangomukumbatira, tonse tikununkha utsi. Akuti n'koyamba sabata ino kudya chinthu n'kukhala m'mimba. Kenako, amayi onse aja akumva: "Lamulungu lililonse muzindibweretsera, eti anti? Chimodzimodzi, musasinthe kanthu."

Pakamwa ndinatsegula kuti ndikane, ndikulumbira. Mutu ndiwo unagwedera wokha. Aombanso m'manja.

Ndafunsa kuti mwana tikumuyembekezera liti. Akuti kumapeto kwa Juni. M'galimoto ndayamba kuwerenga masabata pa zala, bambo a Chisomo akuyendetsa. Zala zanga zatha, ndabwereka chimodzi cha Chisomo.