Chikumbu Changa Chinaperekeza Mkwatibwi Chafutambuyo

Amene akudziwa kuti mtima wake ndi wokayikakayika anyamuke panopa ndisanayambe, asadzandidule pakamwa nkhani ili pakati. Ine Zakeyu Kamwendo ndanyambita chala, ndaloza kumwamba, ndikulumbira pali malemu mayi anga amene agona ku Nathenje kuti zimene ndinene pano ndi zoona kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo mukapezamo bodza ngakhale lochepa ngati njere ya mpiru, mphenzi indilondole mu Julaye kumwamba kuli mbee. Mboni zilipo. Lilongwe yense anaona, kuyambira amayi a nthochi ku Old Town mpaka a mataye a ku City Centre.

Ndili ndi chikumbu. Ana a masiku ano simuzidziwa, ndi galimoto zija za msana wozungulira, injini kumbuyo, katundu kutsogolo, zosamwa madzi ngakhale dontho, zimangopuma mphepo basi. Changachi chinali cha Bwana Yusufu, mmwenye wa sitolo ya nsalu ku Old Town, amene ndinamuyendetsa kuyambira ndili ndi tsitsi lonse. Ndi chomwechi chimene anandibwereka tsiku limene ndinkakwatira mayi akunyumba, aNabanda. Atakalamba anandipatsa makiyi nati, "Kamwendo, tenga. Ichi chimamvera iwe, ine chimangondipirira." Ndinachibweretsa ku Area 3, kunyumba yakale ya boma imene aNabanda anagula atapuma unamwino, ndipo chitangolowa m'galaja chinatsokomola kawiri n'kuzima. Chinali chisoni chosiyana ndi sitolo. Chinagona mmenemo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Mukumva? Zaka zonsezo. Papaya anamera pansi pa mpando wa dalaivala, n'kuboola denga la galimoto, n'kuboolanso malata a galaja, ndipo tinadya mapapaya ake mpaka ana anakula, nkhuku zinkaikira mazira m'kabokosi ka mapepala, njuchi zinamanga zisa mu thanki, makoswe anakwatirana mumpando wakumbuyo mpaka zidzukulutudzi moti ena anabadwa n'kufa ndi ukalamba asanaonepo kunja, ndipo dzimbiri linakula kwambiri mwakuti munthu ukayetsemula pafupi chitseko chinkapepuka.

Ndiye Tadala, chitsirizira chathu, anapeza banja. Mnyamata wa kumpoto, wogwira ntchito ku Capital Hill, waulemu mpaka amagwada polankhula nane pafoni. Tsiku lina m'mawa ndikumwa tiyi, aNabanda anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Tadala, chibwenzi chanu chili m'galajachi ndachipezera mwamuna. Ali ndi sikelo."

Ankanena anthu aja ogula zitsulo zakutha, amene amaphwanya galimoto ndi nyundo n'kuiyeza ngati chimanga. Tiyi anandiwawa. Koma Tadala, amene ankapesa tsitsi pakhonde, anayankha ine ndisanatsegule pakamwa.

"Amayi, ine ndinaphunzira kuyenda nditagwira bampala ya chikumbuchi. Adadi, ndikufuna chikandisiye kutchalitchi."

ANabanda anaseka mpaka anakhala pansi. Atapuma anati, "Chabwino. Chikamufikitsa mwanayu pakhomo pa tchalitchi ndi mphamvu zakezake, osakankha, osakoka ndi chingwe, chikhale, ndipo wochipukuta ndidzakhala ine. Chikalephera, Lolemba lake chikukwera sikelo, inu muzikagona pamene chinali."

Kunatsala miyezi itatu. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, buku la galimotoyi linali la Chijeremani, ndiponso makoswe anali atalidya mpaka tsamba la magiya moti odziwa zonse anali iwowo. Koma ine ndili ndi njira yanga imene sinandigwiritsepo fuwa lamoto. Ndimayala mphasa pansi, chitsulo chilichonse chimene ndamasula ndimachiika pa mphasapo monga chinakhalira m'galimoto, chakumanja kumanja, chakumanzere kumanzere, ndipo pobwezera ndimangowerenga mphasa ngati mmene abusa amawerengera Baibulo. Musaiwale mphasayi.

Papaya ndinamupepesa n'kumudula. Njuchi ndinazitulutsa ndi utsi, uchi wake unadzaza ndowa zitatu, msewu wathu wonse chifuwa chinatha chaka chimenecho. Injini ya chikumbu imagwidwa ndi mabawuti anayi basi, ndinamasula atatu, lachinayi linamasuka lokha chifukwa cha ulemu, ndinainyamula m'manja ngati khanda n'kuisambitsa ndi palafini m'bafa la aNabanda iwo ali kumsika, dzimbiri ndinalikwecha ndi mchenga wa mumtsinje wa Lilongwe mpaka pamene ndinkatapa panasanduka dziwe, magasiketi ndinadula pa katoni ya sopo ndi lumo la telala, fanibeluti ndinapota masokosi aatali a unamwino a aNabanda, ndipo mpaka lero sanaduke.

Zosowa ndinazisaka ndi miyendo. Ndinaoloka milatho yamitengo ya kumsika kambirimbiri mpaka eni milatho anayamba kundipatsa moni wa pachibale. Nyali imodzi ndinaipeza ku Area 1, mayi wina akumwetsera abakha. Chivindikiro chonyezimira cha gudumu ndinachipeza m'katchalitchi kena chikugwira ntchito ya mbale ya chopereka, ndinachiwombola ndi beseni latsopano, ndipo mpaka lero gudumu limenelo silinaphwepo. Hutala ndinaigula kwa wogulitsa nsomba wa panjinga, ikalira amphaka onse a ku Area 3 amabwera.

Penti ndinasankha wabuluu ngati kumwamba kwa mu Meyi. Ndinapukuta, ndinapukuta, ndinapukutanso, mpaka amayi oyandikana nafe anayamba kubwera Lamlungu m'mawa kudzamangira duku pa chitseko chake, tambala wathu anamenyana ndi chithunzi chake pa bampala n'kugonja, ndipo bambo wina wopuma ntchito m'boma ankabwera ndi sopo kudzametera ndevu pa boneti. Abale anga, galimoto ija anaipanga anthu oganiza. Palibe chitsulo chongokhalapo, chilichonse chili ndi ntchito yake, ukachigwira umamva kuti wochisula ankafuna kuti chidzaone zidzukulu zake. Tsiku limene ndinailiza koyamba inayankha kiyi kamodzi kokha, n'kumalira mwakachetechete ngati makina osokera a telala wodziwa ntchito. Ndinaika sikuludiraiva pa injini, chogwirira pakhutu, ndipo ndinamva mapisitoni onse anayi akupatsana moni. Pasanathe mphindi foni inalira. Anali Bwana Yusufu, nkhalamba yosamva bwino, ali kusitolo kwake ku Old Town.

"Kamwendo, chadzuka?"

Anachimvera komweko. Mukumva?

Tsopano mphasa ija. Mlungu umene ndinamasula giyabokosi ndi umenenso a kuchimuna ankabwera kudzakambirana za mwambo. ANabanda posesa paliponse analowa m'galaja ine ndili kumsika, anakoka mphasa kuti asese pansi pake, n'kuibwezera atatembenuza, kumutu kukhala kumiyendo. Zitsulo zonse zinali m'malo mwake, koma kumanja kunali kutasanduka kumanzere. Ine pobwera ndinangowerenga mphasa yanga mokhulupirika n'kumanga. Kuyesa pamsewu sindinayese, chifukwa galimoto inali pa njerwa, matayala a saizi yake anachokera kumalire ku Mchinji ndipo anafika Loweruka la ukwati lomwelo m'mawa, atakhala pampando wa minibasi ngati anthu.

Matayalawo ndinawamanga, ndinavala suti, atsikana anakongoletsa chikumbu ndi maliboni. Tadala anakhala kutsogolo pambali panga chifukwa diresi linakana kupita kumbuyo. Panja panali a Mhango, malume ake a mkwati, atabwera ndi chigalimoto chakuda chachitali chongodikira kuti ine ndichite manyazi.

Chikumbu chinali chitayang'ana kuchipupa. Ndinaika giya ya livesi kuti nditulutse. Chinapita kutsogolo n'kupsompsona chipupa pang'onopang'ono. Ndinaika giya yoyamba. Chinatuluka chambuyo bwinobwino mpaka pageti. Thukuta linatsika mumsana mwanga mpaka m'masokosi, chifukwa ndinadziwa pomwepo. M'giyabokosi ya chikumbu muli gudumu lalikulu lamano limene limalowa mbali zonse ziwiri osadandaula. Ukaliika kolondola, magiya anayi amapita kutsogolo, imodzi kumbuyo. Ine ndinali ndi anayi opita kumbuyo, ndi imodzi yopita kutsogolo yoyenda ngati bilimankhwe, yoti tikanafika kutchalitchi Lachiwiri anthu atatsuka kale mapoto.

A Mhango anatsegula chitseko cha galimoto yawo yakuda. Ine m'maso mwanga ndinangoona sikelo.

"Adadi," anatero Tadala osasuntha, "amayi anati chikandifikitse. Sananene kuti chiziyang'ana kuti."

A Mhango anawerama pawindo. "Bambo Kamwendo, ndi ulemu wonse, mkwatibwi kupita ku ukwati chambuyo ndi malodza. Anthu anena kuti banja labwerera lisanayambe."

ANabanda ndiwo anabwera, atavala chilundu chawo chatsopano, n'kuima pafupi ndi chitseko cha chikumbu. Anadziona pa pentipo. Ine ndikuti anaona mtsikana uja amene anakwera galimoto yomweyi tsiku lathu, chifukwa anakonza duku n'kumwetulira kaye asanalankhule.

"A Mhango, kwathu kuno mwana wamkazi safulatira nyumba ya amake. Inu mwabwera kudzamutenga, sitikukana, mutengeni. Koma apite akutiyang'ana. Galimoto yanuyo ndikweramo ine, muzilondola."

Ndiye tinanyamuka. Ndinapotoza khosi, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa mpando, giya yoyamba, yachiwiri, pofika pa laundabauti ya ku Old Town ndinali mu yachitatu, ndinaizungulira chafutambuyo minibasi zonse zitaima, makondakitala ali pakamwa yasa mpaka anaiwala kuitanira anthu, akabaza anavula zipewa, amayi a nthochi analulutira, amphaka ali pambuyo chifukwa cha hutala, ndipo pamsewu wodutsa m'nkhalango uja wopita ku City Centre ndinaika yachinayi, mitengo inkatithawa m'malo motichingamira, anyani anatsika kudzaonerera atanyamula ana, ndipo wapolisi wa pamsewu anatiloza ndi kamakina kake koyezera liwiro, anakayang'ana, anakagwedeza, anakayang'ananso, n'kundifunsa ndikudutsa kuti, "Madala, mukupita kapena mukubwera?" Ndinati zonse ziwiri. Anachita sawatcha.

Musaseke, sindinathe. Mita yowerenga mtunda inayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo galimoto inkacheperachepera zaka tikuyenda, fungo la mipando yatsopano linabwerera, ine imvi zanga zinada kuyambira kumphumi, dzino limene linaguluka chaka cha njala linameranso pa mlatho wa Lingadzi, ili, ligwireni ngati mukufuna. Tinanyamuka kunyumba naini koloko, tinafika kutchalitchi kutatsala mphindi khumi kuti ikwane naini. Abusa anali akadapukuta nsapato. Funsani aliyense, ndi ukwati wokhawo mu Lilongwe umene mkwatibwi anafika nthawi isanakwane.

Koma chimene anthu amakamba mpaka lero si liwiro ayi. Galimoto ya a Mhango inkabwera pambuyo pathu, ndiye kuti mphuno yake inayang'anizana ndi mphuno ya chikumbu njira yonse, aNabanda ali kutsogolo uko, Tadala ali kutsogolo kuno, mayi ndi mwana kuyang'anana m'maso kuchokera pageti la ku Area 3 mpaka pakhomo pa tchalitchi, wina akalira wina kuseka, wina akaseka wina kulira. Potsika, a Mhango maso anali ofiira. Anandigwira dzanja ndi manja awiri nati mwana wawo wamkazi akadzapeza banja adzabwereka chikumbu.

Khosi langa linakhala chopotoka milungu iwiri, moti aNabanda ankandiikira mbale kumbuyo kwa mpando. Lolemba lija wa sikelo anabweradi ndi ngolo yake. Sindinatuluke n'komwe. Ndinangomva aNabanda pageti akumuuza kuti pano palibe zitsulo zakutha, chakutha chimene chilipo ndi mwamuna wawo ndipo sakugulitsa. Kenako ndinawaona akulowa m'galaja ndi kansalu. Amachipukuta Loweruka lililonse monga analonjezera. Nditanena kuti ndimasule giyabokosi ndikonze gudumu lija, anandiletsa. Akwatibwi anayi apita kale kutchalitchi akuyang'ana amayi awo, ndipo ena akudikira.

Ndiye amene akukayika abwere ku Area 3, galaja ndi yotsegula, chibowo cha papaya chikadalipo pa malata. Zonse ndanenazi ndi zoona, dzino, anyani, nthawi, zonse. Kupatula kamodzi kokha, ka mphasa kaja. ANabanda sanaitembenuze n'komwe, anangosesa m'mbali. Gudumu ndinaliika molakwika ndekha, ndinkamvera mpira pawailesi. Koma musakawauze, mlandu ndinawakankhira iwo, anapepesa kale ndipo ndinawakhululukira.