Mmene Ndinatsikira pa Chikala Nditakwera Mwala

Amene akuti ine ndimanama achoke pakhonde pano tsopano lino, chifukwa nkhani iyi ndi ya anthu amene tinaponda pamwamba pa Chikala ndi mapazi athuathu, osati inu ongoliona phirilo mukudutsa pa njinga. Che Amidu, taimitsani makina osokerawo. Iwe Fabiyano, ukusekeranji? Sindinayambe n'komwe.

Zinali zaka za dzombe zija, ine ndili mnyamata wa chifuwa ngati chitseko, nditakwatira Abiti Saidi m'mudzi wa patsinde pa phirilo, iwo ali m'chikuta ndi mwana wathu woyamba. Kunabwera mzungu wina, mlendo wa abambo a ku mishoni, wa kabudula wachikopa ndi nthenga pachipewa, ntchito yake kungoyendayenda kuona mapiri. Ankadzitama kuti kwawo mapiri amafunda chipale choyera ngati ufa chaka chonse, ng'ombe zimayenda ndi mabelu m'khosi, ndipo anthu amawoloka nyanja zamchere kukangoona nyumba zakale za mafumu zomangidwa pansonga pa matanthwe. Atayang'ana Chikala anaseka n'kuti, "Ichi ndi chulu cha chiswe."

Ndinapsa mtima mpaka m'makutu munatuluka utsi. Ndinati, "Bwana, mawa mukwera chuluchi, ndipo wokukwezani ndine."

Kutacha ndinasenza lipenga lake lamtengo, lalitali moti ine ndikulowa m'nkhalango, kukamwa kwake kunali kudakali pabwalo la mudzi, nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo tinakwera, bondo likugunda chibwano, pena kugwira mizu ndi mano, mpaka tinakumana ndi nkhungu yolimba imene ndinachita kuitema ndi chikwanje, zibenthu zake n'kumazisanja kuti tipondepo, mzungu ali wefuwefu pambuyo, nkhope ili psuu ngati phwetekere. Mukumva?

Pamwamba ndinamuonetsa malinga amiyala amene makolo anamanga pobisalira asilikali a boma. Ndinamulowetsa m'phanga mmene munkakwana mudzi wonse ndi mbuzi zomwe. Ndinamuonetsa maenje a bawo osemedwa pathanthwe, pomwe tinapeza anyani awiri okalamba akusewera, wina akubera mnzake poyera. Kum'mawa Chilwa ili mbee ngati lichero, kumadzulo Shire ili ngati ulusi, ndipo ine ndi maso angawa ndinaona mayi wina ku Phalula akudzizula minga kuphazi. Mzungu uja anavula chipewa, misozi ili mbwembwembwe, n'kuti, "Kwathu tikakondwa chonchi timaliza lipenga."

Analiza. Walahi, mbalame zinathothoka nthenga zili m'mwamba, anyani aja anamwaza bawo n'kuthawa, ndipo chimwala chachikulu ngati tchalitchi, chimene chinakhala pamphepete kuyambira kulengedwa kwa dziko, chinati gwede, n'kuyamba kugubuduka, kulunjika pamudzi pomwe panali Abiti Saidi ndi khanda langa.

Apa kuseka kunatha. Ndinatsomphola ndodo ya mzungu uja ya chitsulo kunsonga, mwini wake n'kumupanira m'khwapa, poti mlendo wa abambo sungamusiyire anyani, ndipo ndinathamanga mpaka chithunzithunzi changa chinatsalira m'mbuyo chikundiitana, ndinaupeza mwalawo, n'kuulumphira pamwamba, miyendo ikupalasa chobwerera kuti ndisagwe, mitengo ikuthyoka pansi pathu ngati mapesi, ine kuubaya ndi ndodo kuti ukhote, iwo kukana, kuubayanso, iwo kukanabe, denga la nyumba yanga likungokulirakulira, mpaka ndinamva mwana wanga akulira m'katimo. Mukumva? Ndinati basi, lero ndakwirira banja langa ndekha.

Pomwepo, pakanjira kolowera m'mudzi, ndinangoona apongozi anga aakazi, mtolo wa nkhuni pamutu, akubwera pang'onopang'ono. Inu mukudziwa, mkamwini wolongosoka sagundana ndi apongozi panjira, amapatuka. Mphamvu imene mantha analephera kundipatsa, manyazi anandipatsa. Ndinazika ndodo pansi, n'kuupotoza mwalawo mpaka unalira ngati nkhumba, n'kupatukira kutchire, ine ndili pamwamba ndanjuta, mzungu ndamuluma palamba kuti manja apeze mpata, ndikuwomba m'manja. Iwo osacheuka n'komwe anangoti, "Zikomo bambo, mwapita?"

Pamudzi mwalawo unangotengapo thandala la mbale basi. Koma kuima iyayi! Unatsetsereka mpaka ku Shire, n'kumadumphadumpha pamitu ya mvuu, anthu owoloka pa pantoni ya ku Liwonde onse ananyowa, wina anapeza chambo m'thumba la malaya, tinadutsa pa Ulongwe pano ndi mphepo yoti chimanga chonse cha m'nkhokwe chinatonoleka chokha, amayi n'kumandilulutira, ndipo unakaima kwa Nsamala kufupi ndi Balaka, utatopa, thukuta lili kamukamu, wotentha moti anthu anaotcherapo mbatata mpaka mvula inagwa.

Mzungu nditamulavula, anagwada choyang'ana ku Chikala n'kupepesa phirilo m'chilankhulo cha kwawo. Anandiveka chipewa chake cha nthenga, ndipo lipenga sanalifunsenso. Ndinabwerera wapansi, n'kukamunyamula mwana wanga, ndipo sindinamutule mpaka amayi ake anachita kundilanda.

Fabiyano, ukuti mwalawo uli kuti? A njanji anauphwanya. Miyala yonse yomwe yagona pansi pa sitima kuchokera pa Balaka mpaka ku Salima ndi mwala wangawo. Abiti Saidi amauza anthu kuti unali waukulu ngati mtondo basi, koma munthu wosuzumira pakabowo ka chitseko angaone chiyani? Wokayika apite akatole miyala ya m'njanjiyo, aibwezere pamodzi umodziumodzi, adzandiuze ngati sapezapo chidindo cha phazi langa.