Tsiku Limene Ndinathamanga Nditagwira Makutu

Amene akuti ndine wabodza aimirire ndimuone nkhope. Palibe? Ndiye khalani pansi, inu anyamata a nsapato zowala, amene mukathamanga kuchoka pachigayo kufika pamsika mumafuna madzi a m'botolo. Ine Yelemiya Phiri, mwana wa mkulu wa mpingo, wobatizidwa ndili khanda, ndiname pa ukalamba uno kuti ndipate chiyani?

Zinali m'zaka zija chipani chinali chimodzi, zimene ngakhale mumsika sunkalowa wopanda khadi. Kutsidya kwa malire kunali nkhondo, ndipo zigawenga za kumeneko zinkadumphira kwathu ku Zingalume kudzalanda ng'ombe ndi chimanga. Munthu zikamupeza zinkamudula makutu. Pamenepa musaseke, ndinaona ndekha bambo wina kuchipatala ali ndi mabowo okhaokha m'mbali mwa mutu. Midzi yonse inapangana kuti zigawengazo zikaoneka, wina aimbe mosalekeza chitsulo cha pasukulu, chija chopachika pamtengo choitanira ana, ndipo aliyense athawire kuboma ku Chadiza.

Mkazi wanga NaBanda anali ndi pakati poyamba, mwezi wothera, wotopa moti kuchoka pakhonde kufika pankhokwe ankapumira kawiri. Mantha ankamudya. Ndiye ine, pamaso pa apongozi anga aakazi, ndinadziguguda pachifuwa: "NaBanda, chitsulo chikadzalira ndidzakuberekani kumsana mpaka kuboma. Ndikadzakusiyani mudzanditche galu." Mawu amenewo muwasunge, anyamata.

Chaka chomwecho akuluakulu a masewera ankafuna munthu wokaimira Chadiza pa mpikisano waukulu wa ku Lusaka, uja amati malathoni. Anati tiyambe tadziyesa kuno, tithamange mumsewu kuchoka pasukulu ya kwathu mpaka kuboma, ulendo umene ngolo ya ng'ombe imanyamuka dzuwa likutuluka n'kukafika litapendeka. Woyamba kufika ndiye wa ku Lusaka. Tinandanda pamzere Loweruka mmawa, kabudula yekha, phazi lapansi, khadi lachipani m'thumba, nambala yolemba ndi khala pachikatoni kumsana.

Atcheyamani a chipani anabwera ndi wezulo yoyambitsira, koma pouzira inangoti fuu, kanjere ka m'kati kanali katachoka. Panali mphunzitsi wina mlendo, wongofika sabata yomweyo, wosadziwa pangano la midzi. Iye anati, "Musavutike, ndimenya chitsulo." Ife tinkayesa amenya kamodzi. Ngwe! Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma ine ndinawasiya anzanga pomwepo, ngati amangidwa miyendo.

Nditafika pamlatho wa mitengo ndinamva kuti chitsulo chija sichikuleka. Ngwe, ngwe, ngwe, ngwe! Kamodzi ndi mpikisano, koma mosalekeza ndi zigawenga. Mukumva? Ndinacheuka, ndipo zimene ndinaona musadzazione: anthu akutuluka m'minda ya thonje, m'madimba, m'zimbudzi, amayi akukuwa manja ali kunkhongo, abambo akukoka ng'ombe michira, ana akugwa n'kudzuka, fumbi tolo, ndipo onse akufuula mawu amodzi, "Zafika! Zafika!" Kwathu munthu wamkulu sathamanga chabe, ndiye aliyense amene ankandiona ndikudutsa ankaponya khasu osafunsa, ndipo ine ndikaona iye waponya khasu mantha anga ankawirikiza. Kumbuyo kwanga kunalira phuu! Pambuyo pake anandiuza kuti linali tayala la njinga, koma nthawi imeneyo inali mfuti, ndipo chipolopolo chake ndinachimva chikundisakasaka.

Ndinagwira makutu anga ndi manja onse awiri, phazi thandize! Msewu umenewo umadutsa pakhomo panga penipeni. Pamenepo ndinaona kanthu kofiira m'mbali mwa msewu, koma zimenezo tibwerera.

Anyamata, ndinathamanga liwiro la mtondo wadooka, moti mapazi ankagunda pansi kamodzi pa munda uliwonse, ndipo chikatoni cha kumsana chinayaka moto chifukwa cha mphepo, ine osachimva, moto n'kutsalira kumbuyo ukundifunafuna, nkhanga imene inauluka patsogolo panga ndinaidutsa m'malere ikadakupiza mapiko, mtima unatuluka kufika m'kamwa katatu ine n'kumaumeza, ndipo pamtsinje, pamene ngolo ina inatitimira m'matope, ndinadumpha mtsinje, ngolo, ng'ombe zake ziwiri ndi mwini wake amene anaimirira pamwamba pa matumba, chipewa chake chokha ndicho ndinachikhudza ndi chala chaching'ono cha kuphazi. Mukuseka? Mzere wa chimanga chobiriwira umene unamera m'mbali mwa msewu chilimwe chimenecho mukuyesa unathiriridwa ndi ndani? Thukuta langa!

Koma mantha, abale anga, mantha! Chitsamba chilichonse chinali munthu wa chikwanje. Chitsa chilichonse chinali chitagwada chikundiloza. Ndinamva mapazi pafupi kumbuyo kwanga, pha pha pha, ndikawonjezera liwiro nawonso akuwonjezera, ndikakhota nawonso akukhota, mpaka ndinalira ngati mwana, "Tengani khadi, tengani kabudula, makutu okha mundisiyire!" Poti ndicheuke, chinali chithunzithunzi changa chikuyesetsa kundipeza. Ndinachisiya pomwepo chitagwira m'mawondo, chikupuma wefuwefu. Ndinayamba pemphero la Ambuye, koma mawu ankatuluka pakamwa n'kutsalira kumbuyo, moti anthu a m'mudzi wina amati anamva "Atate wathu" akudutsa yekha mumsewu mwini wake atapita kalekale. Ndikulumbira pali manda a atate, galimoto ya boma imene inanyamuka patsogolo kukatidikira kothera ndinaipitirira pachitunda, dalaivala n'kutsika kuona ngati injini yazima.

Kuboma anamanga chingwe chothera, anthu ali m'mbali okonzeka kuomba m'manja. Ndinachidula osachiona, ndinadutsa gulu lonse, ndinakalowa kupolisi mpaka pansi pa tebulo, manja akadali kumakutu. Panafunika apolisi atatu kuti andimasule zala. Chithunzithunzi changa chinafika dzuwa lili pamutu, chikutsimphina. Wachiwiri pa mpikisano anali mayi wina amene sanalembetse n'komwe, atasenza mbuzi. Anzanga a pamzere aja anafika pambuyo pake, pakati pa midzi isanu ndi nkhuku zake.

Asilikali anakwera lole kuthamangira ku Zingalume, mfuti zili tcheru. Anakapeza sukulu ili zii, mphunzitsi uja ali yekha pansi pa mtengo, akudabwa kuti anthu a kuno amakonda masewera chotere, mudzi wonse kulowa mpikisano. Chigawenga panalibe ndi chimodzi chomwe. Onse ankathawa poona ine, ndipo ine ndinkathawa iwo.

Akuluakulu anandinyamula m'mwamba, akuti Chadiza yapeza munthu wa ku Lusaka. Ndili m'mwambamo ndinayang'ana khamu lija nkhope ndi nkhope. NaBanda panalibe.

Tsopano tibwerere ku kanthu kofiira kaja. Chinali chitenje chake. Atamva chitsulo anamanga kamtolo, anadzikoka mpaka kumsewu, naimirira pamenepo manja atakweza, kudikira msana umene anaulonjezedwa. Anandiitana, "APhiri! Ndili pano!" Ndinkauza anthu kuti sindinamve chifukwa ndinatseka makutu. Limeneli lokha ndilo bodza limene ndinanenapo pa nkhani imeneyi. Ndinamva bwinobwino.

Ulendo wobwerera ndinayenda ngati nkhono, ndikupemphera kuti ndimupeze wamoyo. Ndinamupeza m'munda wa mtedza, kumene amayi ake anamukokera kuti abisale, atagona pa chitenje chofiira chija, kamwana kakakazi kali pachifuwa. Mantha anautsa matenda ake pomwepo, ndipo anachira ali pakati pa mizere, amayi ake atamutseka pakamwa kuti zigawenga zisamve. Ndinagwada. Sanalire, sananditche galu. Anandiyang'ana mbali iyi, nandiyang'ana mbali inayo, n'kufunsa motsitsa, "Makutu muli nawo onse awiri, aPhiri? Tithokoze Mulungu."

Ku Lusaka sindinapite. Apongozi anati munthu wa liwiro lotere akangoona msewu watala sabwerera. Koma ndikubwereza, ndipo wotsutsa aimirire: m'Chadiza muno sanabadwe munthu wothamanga ngati ine, ndipo sadzabadwa. Mukufuna umboni? Pitani kukiliniki ya ku Pembamoyo, mukapeza namwino wamtali, wa miyendo ngati yangayi. Ndi mwana wanga woyamba. Dzina anamutcha ndi amayi ake, m'munda wa mtedza momwemo, ndipo ine ndakhala ndikuliitana mmawa uliwonse kwa zaka zonsezi. Dzina lake ndi Mwandisiya.